Ndasintha fayilo ya hosts koma browser ndi Outlook zikungopitabe ku seva yakale

Namzeze walemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, ine pano mutu waima.

Ndimayang'anira webusaiti ndi maimelo a kabungwe kena kakang'ono, tilipo anthu 9 basi. Tikusamuka kuchoka pa seva yakale kupita pa ina yatsopano. Mafayilo a webusaiti ndakopera kale, database ndasamutsa, mabokosi a imelo 9 aja ndatsegula kumeneko. Chatsala n'kuyesa. DNS, imene imalozera dzina la webusaiti ku adiresi ya seva yake, sindikufuna kuikhudza ndisanaone ndi maso anga kuti kutsidyako zonse zikuyenda, chifukwa ndikaisintha zinthu zili zosalongosoka, foni yanga sidzapuma tsiku lonse.

Ndiye, pofuna kuti laputopu yanga yokha izipita ku seva yatsopano, ndinatsegula Notepad ngati administrator, n'kulowa mu C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts, pansi penipeni n'kuwonjezera mizere iwiri iyi:

203.0.113.10 example.com
203.0.113.10 mail.example.com

Maina ndi manambala enieni ndabisa. Tiyerekeze kuti seva yatsopano ndi 203.0.113.10, yakale ndi 198.51.100.7.

Tsopano zimene zikuchitika ndi izi. Ndikalemba ping example.com, ikubweza 203.0.113.10, yatsopano ija. Ndikalemba nslookup example.com, ikubweza yakale. Chrome ikutsegula webusaiti yakale. Ndikudziwa kuti ndi yakale chifukwa pa yatsopanoyo ndinalemba dala mawu oti YATSOPANO m'munsi mwa tsamba loyamba, ndipo sakuoneka. Edge nayo chimodzimodzi, imangoti phethi, adiresi n'kusanduka www.example.com, kenako tsamba lakale lomwe lija. Outlook ndiye ngati sinamve n'komwe: makalata onse akale ali momwemo, pamene mabokosi atsopanowo ndi opanda kanthu. Ndinadzitumizira imelo kuchokera pa foni kuti ndione, yafika mu Outlook bwinobwino.

ipconfig /flushdns ndalemba kanayi. Laputopu ndaizimitsa n'kuiyatsanso kawiri. Ndi Windows 11. Kodi fayiloyi inasiya kugwira ntchito masiku ano, kapena ndine amene ndikuphonya penapake?

Gologolo walemba:

Onani kaye ngati Notepad sinasunge fayiloyo ngati hosts.txt. Windows imabisa mchira wa dzina la fayilo, ndiye mumaona ngati ndi hosts pamene pali mafayilo awiri, yeniyeni ili phee osakhudzidwa. Mu File Explorer pitani pa View, Show, muchonge File name extensions. Chachiwiri zimitsani Secure DNS mu Chrome. Ma browser a masiku ano amafunsa DNS yawoyawo kudzera pa HTTPS, hosts saiyang'ananso. Zikakanika, flushdns kachiwiri.

Kadzidzi walemba:

A Gologolo, pang'ono kaye. Nkhani ya hosts.txt ndi yoona, yagwetsa anthu ambiri, ineyo ndili m'gulu lomwelo. Koma pano sikugwira. A Namzeze anena kuti ping ikubweza 203.0.113.10. Nambala imeneyo ping yaitenga kuti? Ku DNS kulibe, sanaiikeko. Malo okhawo amene ili ndi m'fayilomo. Ndiye fayilo ili bwino, ili pamalo pake, ndipo Windows ikuiwerenga. A Namzeze, musaikayikirenso, komanso flushdns ipumuleko, yalakwanji.

Za nslookup musade nkhawa. Imeneyo siwerenga hosts ngakhale pang'ono, inapangidwa kuti izifunsa seva ya DNS mwachindunji. Ikamabweza adiresi yakale ndiye kuti ikukuuzani zoona, DNS simunaisinthe. Pa Linux ndi pa Mac, dig ndi host nazonso zimachita chimodzimodzi. Anthu ambiri amataya maola poyesa hosts ndi chida chimene sichiiona n'komwe. Mukafuna kuona zimene Windows yatola m'fayilomo, ping ndi yokwanira, kapena ipconfig /displaydns, mizere yanu iwiri ija muipeza m'menemo.

Mmene ndimaionera ine, fayilo ya hosts ili ngati kabuku ka manambala a foni kamene kali m'thumba mwanu. Kamathandiza ngati woimbayo ndi inuyo, ndiponso ngati dzina limene mukulifuna linalembedwamo ndendende. Mukatuma munthu wina kuti akakuimbireni, iyeyo akayang'ana m'kabuku kake, kanu sakadziwa. Ndiye pulogalamu ikamaoneka ngati ikunyalanyaza hosts, ine ndimafunsa kuti: ikufunsa dzina liti kwenikweni? Akufunsayo ali pa kompyuta ino kapena ali kwina? Kapena mwina sikufunsa n'komwe, ikungogwiritsa ntchito zimene inali nazo kale?

Ya Edge mwaiulula nokha osadziwa. Mwati adiresi imasanduka www.example.com. Kwa inu ndi ine, example.com ndi www.example.com ndi webusaiti imodzi. Kwa fayilo ya hosts ndi maina awiri osiyana ngati a anthu osadziwana. Chikuchitika n'chakuti Edge ikufika pa seva yatsopano ndithu, sevayo n'kuiuza kuti pita ku www, Edge n'kufunsa za www, m'fayilo mulibe, funso n'kupita ku DNS, DNS n'kuilozera kwakale. Zonsezi m'kuphethira kwa diso, n'chifukwa chake mukungoona phethi uja. Wonjezerani:

203.0.113.10 www.example.com

Ndipo musayese kulemba *.example.com poganiza kuti mugwira onse kamodzi, hosts siidziwa nyenyezi. Siidziwanso https://, kapena port, kapena chilichonse chobwera pambuyo pa slash. Adiresi, mpata, dzina, basi. Ngati zithunzi zanu zimachokera ku dzina lina, monga cdn kapena static, nalonso lifunika mzere wake, apo ayi muona tsamba latsopano litavala zithunzi zakale.

Ya Chrome sindikufuna kulota. Tsegulani tsambalo, dinani F12, pitani pa Network, dinani F5, musankhe mzere woyamba pamwamba. Pa Headers muona pamene palembedwa Remote Address. Imeneyo ndi adiresi imene Chrome yalumikizana nayo zenizeni. Tiuzeni nambala imene ili pamenepo. Ikakhala 198.51.100.7, ndiye kuti mwina Chrome yasunga yankho lakale kapena ikadali ndi chingwe chotsegula ku seva yakale. Browser sidula kulumikizana ikangotha kutsegula tsamba, imasiya chitseko chotsegula kuti ikafunanso isayambe pachiyambi, ndipo chitseko chikakhala chotsegula palibe chifukwa chofunsira adiresi. Mankhwala ake ndi chrome://net-internals/#dns n'kudina Clear host cache, kenako chrome://net-internals/#sockets n'kudina Flush socket pools. Pa Edge mumangoyamba ndi edge:// m'malo mwa chrome://, pa Firefox ndi about:networking#dns. Koma poti laputopu mwaizimitsa kawiri, ndikukayika ngati vuto lili pamenepo.

Mukafuna kuyesa seva yatsopano popanda browser kapena hosts, curl ili kale mu Windows yanuyo:

curl -v --resolve example.com:80:203.0.113.10 http://example.com/

Mzere umenewu ukuuza curl kuti usafunse aliyense, dzina ili lili pa adiresi iyi. Ikuonetsani chilichonse, kuyambira adiresi mpaka yankho la seva. Mukaona 301, yankho loti pita kwina, ndi Location yoloza ku www, ndiye umboni wa zimene ndanena za Edge zija.

Za Outlook ndisiyira ena, ineyo za imelo ndimangopapasa.

Namzeze walemba:

A Kadzidzi, mwandigwira. Ya www ija ndachita manyazi, ndine ndemwe ndinaika lamulo lotumiza anthu ku www zaka zapitazo, n'kuiwala. curl yaonetsadi 301. Ndawonjezera mzerewo ndipo Edge tsopano ikufika kwatsopano, koma yandiimitsa pakhomo ndi chenjezo lofiira la setifiketi ya chitetezo, ndipo kabatani kopitirira kaja kulibe. Yangoti webusaitiyi imagwiritsa ntchito HSTS, simungalowe.

Chrome ndiye yandidabwitsa. Remote Address si yakale, si yatsopanonso. Ndi nambala yachitatu imene sindinaionepo chibadwire. Ndatsegula Incognito mongoyesa, kumeneko ikuchita ngati Edge, chenjezo lofiira lomwe lija. Ndabedwa kapena?

Kadzidzi walemba:

Simunabedwe, mwangotuma munthu wina kuti akakuimbireni. Nambala yachitatuyo ndi ya proxy. Mwandithandiza potchula Incognito, chifukwa kumeneko ma extension amakhala ozimitsidwa pokhapokha mutawaloleza nokha. Lowani pa chrome://extensions muone ngati mulibe ka VPN kapena kena kalikonse kolonjeza kukubisani pa intaneti. Tinthu timeneti, ngakhale timadzitcha VPN, mkati mwa browser timagwira ntchito ngati proxy. Browser ikamadutsa pa proxy sifufuza adiresi ya webusaiti, imangopereka dzina kwa proxy n'kuti ndilumikize ndi uyu. Proxy ili kutali, hosts yanu siiona, imafunsa DNS ya onse, n'kukutengerani tsamba lakale. VPN imene imabwera mkati mwa Opera ndi yamtundu womwewu. Pa Safari, iCloud Private Relay ikakhala yoyatsa muziikayikiranso. M'maofesi ambiri proxy imaikidwa pa Windows penipeni, pa Settings, Network & internet, Proxy, nthawi zina kudzera pa script yoti simunaiikepo ndinu. Pamenepo ma browser onse amanyalanyaza hosts pamodzi pamene ping ikumvera, munthu n'kumaganiza kuti kompyuta yalodzedwa.

Chenjezo lofiiralo ndi nkhani yabwino, likutanthauza kuti mwafika. Seva yatsopano ilibe setifiketi ya dzina lanu, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Ngati mumagwiritsa ntchito Let's Encrypt, bungwe lopereka masetifiketi, njira imene anthu ambiri amatsata ndi yoti iwo abwere pa dzina lanulo kudzatenga kafayilo kotsimikizira kuti webusaiti ndi yanu. Iwonso amafunsa DNS ya onse, ndiye akufikira pa seva yakale, kafayiloko osakapeza. Mungathe kukopera setifiketi ndi kiyi yake kuchokera pa seva yakale, ngati muli ndi mwayi wozifikira. Apo ayi, pemphani setifiketi kudzera pa DNS: mumaika TXT record pa _acme-challenge.example.com, ndipo zimenezi sizisuntha webusaiti kapena imelo, anthu anu sadziwa n'komwe kuti mwakhudzako.

HSTS ndi lonjezo limene seva yakale inapangitsa browser yanu, loti dzina ili usadzalowemo popanda setifiketi yolondola. Browser ikusunga lonjezolo, n'chifukwa chake yachotsa kabatani. Mungathe kuifafanizira pa chrome://net-internals/#hsts, m'munsi pamene palembedwa Delete domain security policies, bola dzinalo lisakhale pa mndandanda umene umabwera kale ndi browser. Koma ine ndingati konzani setifiketi lero lomwe. Mudzaifunabe pa tsiku losamukalo, ndiponso mapulogalamu a imelo adzaifunsa.

Gologolo walemba:

Chabwino, ya hosts.txt ndagonja, sindinawerenge bwino za ping. Koma ya Secure DNS sindibwerera m'mbuyo, bwana. Firefox inayamba kuyatsa DNS over HTTPS yokha kwa anthu a ku America mu February 2020, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amadziwa kuti browser ikhoza kudumpha Windows pofufuza dzina. Ikadumpha Windows, hosts iidziwa bwanji?

Kadzidzi walemba:

Imaiwerenga yokha, achimwene. Chrome ili ndi kofufuzira maina kake, ndipo kamayamba kayang'ana mu hosts kasanapite kunja, kaya Secure DNS yayaka kaya ayi. Firefox nayo mukalowa pa about:config mupeza network.trr.exclude-etc-hosts, imene imabwera ili true, kutanthauza kuti maina ali mu hosts asapite ku DNS over HTTPS. Chokhacho n'chakuti mukasintha fayilo, Firefox muitseke yonse n'kuitsegulanso. Sindikukana kuti kuzimitsa Secure DNS n'kuyesa kwabwino, kumatenga masekondi 10 ndipo kumachotsa chikayiko. Chimene ndikukana n'kuiika patsogolo ngati wolakwa wamkulu. Anthu amaizimitsa, amatseka browser n'kuitsegulanso, zinthu n'kuyenda, iwo n'kumati inali Secure DNS, pamene chathandiza n'kutseka kuja.

Pajatu fayiloyi ndi yakale kuposa DNS yeniyeniyo. Nthawi ya ARPANET, netiweki imene inatsogolera intaneti, panali fayilo imodzi yokha, HOSTS.TXT, imene gulu la Elizabeth Feinler linkasunga ku bungwe lofufuza la SRI, makompyuta onse n'kumakopera kumeneko. Makompyuta atachuluka njirayo inalemera, ndiye Paul Mockapetris anakonza DNS mu 1983. Kotsalako ndi kamene tikulimbana nakoka. Opanga mapulogalamu sakataya msanga chifukwa iwo eni amakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Mphamba walemba:

Ndilowepo pa za imelo, poti a Kadzidzi andisiyira mpando.

A Namzeze, ndiyambe ndi mayeso anu a pa foni aja, chifukwa sakanakuuzani chilichonse ngakhale zonse zikanakhala bwino. Imelo ikamachoka kwa wotumiza, laputopu yanu siikhudzidwa. Seva ya wotumizayo imafunsa DNS kuti MX record ya example.com ikuloza kuti, n'kukasiya kalatayo kumeneko. Fayilo ya hosts ilibe malo olembapo MX. Imangodziwa dzina ndi adiresi, ndipo ngakhale ikanakhala nawo, seva ya wotumiza ili kwina, fayilo yanu siiona. Ndiye mpaka tsiku limene mudzasinthe DNS, kalata iliyonse yochokera kunja izifikira pa seva yakale. Chimene mungayese ndi hosts ndi mbali inayo yokha: kodi pulogalamu ya imelo ikutha kulowa m'bokosi latsopano, pasiwedi ikulandiridwa, setifiketi ili bwino, kutumiza kukutheka?

Tsopano bwanji Outlook sinasunthe? Pali zinthu ziwiri zoti muone, ndipo ndikuganiza kuti mwina zonse zilipo.

Choyamba ndi funso lomwe lija la dzina. Mwalemba mail.example.com mu hosts, koma mwatsimikiza kuti Outlook imagwiritsa ntchito dzina limenelo? Nthawi zambiri amene anakonza akaunti poyamba analemba dzina la seva ya kampani ya hosting, lalitali lokhala ndi manambala, chifukwa ndi limene linali pa setifiketi. Ena amalemba imap.example.com polandirira ndi smtp.example.com potumizira. Lowani mu settings za akauntiyo muwerenge chilembo ndi chilembo, mbali yolandirira ndi yotumizira yomwe. Mukapeza kuti ndi dzina la kampani yakale, musaliike mu hosts n'kulilozetsa ku seva yatsopano. Setifiketi ikana, komanso mukhala mukudzinamiza. Ndipo dziwani kuti ili ndi vuto lalikulu kuposa limene munabwera nalo: makompyuta ndi mafoni a anzanu 8 aja ngati ali ndi dzina limenelo, kusintha DNS sikudzawasuntha. Adzapitirira kuyang'ana m'bokosi lakale, makalata atsopano akugwera kwina, iwo n'kumadandaula kuti imelo yafa.

Chachiwiri, Outlook yake iti? Pa Windows 11 pali ziwiri. Tsegulani Task Manager pa Details. Mukaona OUTLOOK.EXE ndi yakale ija, imene imalumikizana yokha ndi seva yanu kuchokera pa kompyuta yanu, ndipo imamvera hosts. Mukaona olk.exe ndi yatsopano. Imeneyo mukaika akaunti ya IMAP, njira yowerengera makalata ali pa seva, imakuuzani poyamba pomwe kuti makalata azidutsa pa Microsoft Cloud. Kutanthauza kuti amene amagogoda pa seva yanu ndi makompyuta a Microsoft, laputopu yanu imangolandira kwa iwo. Ndi mmene inapangidwira, ndipo hosts yanu ilibe mawu pamenepo. Ndi nkhani ya proxy yomwe ija, yangovala malaya ena.

Mukafuna kuona ndi maso, pulogalamu ya imelo ili chitsegulire lembani izi:

netstat -ano | findstr :993

993 ndi port ya IMAP yotetezedwa. Muona adiresi imene kompyuta yanu yalumikizana nayo. Pa POP3, njira ina yolandirira makalata, ndi 995, potumiza ndi 587 kapena 465. Mukapanda kuona mzere uliwonse pamene makalata akubwera ndithu, ndiye kuti akubwera kudzera njira ina.

Malangizo anga: Outlook yanu ya ntchito musaisokoneze. Ikani Thunderbird ya mayeso okha. Poika akaunti musailole kuti ifufuze yokha, chifukwa pofufuzapo imafunsa malo angapo ndipo ikhoza kukubwezerani kwakale. Sankhani kukonza pamanja, mulembe mail.example.com mbali zonse, IMAP pa 993. Chonde IMAP, osati POP3. POP3 imatha kukoka makalata n'kuwafafaniza pa seva, ndipo ndinaonapo munthu akukokolola bokosi lonse pa dzina la kuyesa. Thunderbird imatsatira proxy ya Windows mukapanda kuiuza zina, ndiye mukaona zachilendo yang'ananinso pamenepo. Musanafike n'komwe pa Thunderbird mungayese chitseko mu PowerShell ndi Test-NetConnection mail.example.com -Port 993, ikuonetsani adiresi imene yapita ndiponso ngati port yayankha.

Msampha wina ndi uwu. Mukalowa m'bokosi latsopano n'kutumizira mnzanu wa pa example.com yomweyo, seva yatsopanoyo nthawi zambiri imaona kuti dzinali ndi langa, n'kuponya kalatayo m'bokosi lake latsopano osatuluka nayo kunja. Mnzanuyo, amene akadali kwakale, sailandira. Musaganize kuti kutumiza kwawonongeka. Yesani potumiza ku adiresi yakunja, ndipo ikakagwera mu spam kapena ikabwezedwa, onani SPF record yanu, mndandanda wa ku DNS wa maseva ololedwa kutumiza imelo m'dzina lanu. Ngati ikutchula seva yakale yokha, olandira aona kuti yatsopanoyi ilibe chilolezo chotumiza m'dzina lanu. Adiresi yatsopano mungaiwonjezere mu SPF lero, yakale ili momwemo, palibe chimene chiwonongeke.

Mwati mabokosi atsopano ndi opanda kanthu. Makalata akale sadzasamuka okha. Ine ndimagwiritsa ntchito imapsync, pulogalamu yokopera makalata kuchoka pa seva ina kupita pa ina, ndipo ndimaiyendetsa kawiri: kamodzi tsiku lisanafike kuti katundu wolemera apite, kenako DNS itasintha kuti nditole otsalira amene anagwera kwakale pa nthawi yosinthayo. Pa imapsync lembani ma adiresi a manambala kapena maina awiri osiyanadi. Mukalemba mail.example.com ngati gwero pa laputopu yomwe ili ndi hosts yosinthidwayo, mudzakhala mukukopera bokosi lopanda kanthu kulithira mwa ilo lomwe.

Tsekwe walemba:

Vuto la a Namzeze laoneka kale, koma ndiikepo langa chifukwa wina adzafika pano ping yake ikukananso, ndipo zonse zili pamwambazi sizidzamuthandiza.

Ine ndinataya madzulo athunthu chifukwa cha ulesi. M'malo motsegula Notepad ndinalemba mu PowerShell, ya buluu ija imene imabwera ndi Windows, echo kenako mzere wanga kenako >> kuloza ku hosts. Ndikatsegula fayilo mzere ukuoneka, ngakhale zilembo zinali ngati zatalikirana pang'ono. ping osamva. Chinali chakuti PowerShell 5.1 ikamalemba ndi > kapena >> imagwiritsa ntchito UTF-16, pamene fayilo yonse inali ya zilembo wamba. Pakati pa chilembo chilichonse panalowa byte yopanda kanthu, Windows n'kulephera kuwerenga mzerewo. Ndinaufufuta n'kuulembanso pamanja, pompo zinayenda. Mu Notepad, pa Save as, onetsetsani kuti Encoding ili pa ANSI kapena UTF-8 wamba, osati UTF-16 kapena UTF-8 with BOM.

Ulendo wina inali nkhani ya zilolezo. Ndinakonzera fayilo pa Desktop, kenako n'kuidula n'kukaimata mu foda ya etc. Fayilo ukaisuntha pa disiki yomweyo imatha kupita ndi zilolezo za kumene yachokera. Ineyo ndinkaitsegula bwinobwino, koma DNS Client, imene imayenda pa akaunti ya Network Service, inalibe chilolezo choiwerenga. Mu Command Prompt ya administrator, icacls C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts /reset inakonza. Kuyambira pamenepo ndimakopera, sindidula.

Zina zing'onozing'ono: chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere chimaupha mzerewo, ndipo anthu amakopera zitsanzo zili m'fayilomo pamodzi ndi # yake. Dzina likalembedwa kawiri, yang'anani mzere wapamwamba, mwina munauiwala chaka chatha. Mukasunga fayilo kenako n'kupeza mizere yanu yasowa, onani mbiri ya antivirus, chifukwa ma virus amakonda kusintha hosts ndiye alonda ena amaibwezeretsa mwakale. Microsoft Defender imachita zimenezi makamaka mukalozetsa kwina maina a Microsoft, imalemba kuti HostsFileHijack. Pa Linux yesani ndi getent hosts example.com, ndipo mu /etc/nsswitch.conf mzere wa hosts ukhale ndi files patsogolo pa dns. Pa Mac, sudo dscacheutil -flushcache kenako sudo killall -HUP mDNSResponder. Ndipo ngati webusaiti yanu ili ndi adiresi ya IPv6 ku DNS, ikaninso mzere wa IPv6 wa seva yatsopano, kuopa kuti pulogalamu ingatenge njira imeneyo n'kukafikanso kwakale.

Namzeze walemba:

Ndabweranso, pepani ndachedwa, ndimafuna ndiyese zonse kaye.

Ka VPN kanalipodi mu Chrome. Ndinakaika kalekale pa chifukwa chimene sindikuchikumbukanso, ndipo kanali koyaka nthawi yonseyi. Ndakachotseratu. Remote Address tsopano ndi 203.0.113.10. Setifiketi ndatenga kudzera pa TXT record monga ananenera a Kadzidzi, ndaikamo maina atatu onse, ndipo mawu anga a YATSOPANO aja ndawaona koyamba. Secure DNS sindinaikhudze, a Gologolo, ili chiyakire ndipo zikuyenda. Koma File name extensions ndachonga, ndipo mu foda ya etc ndapezamo hosts.txt ya chaka chatha, imene ikufotokoza tsiku lina limene ndinalephera n'kungozisiya. Ndiye simunaponye pachabe.

A Mphamba, zonse ziwiri munalondola. Task Manager yaonetsa olk.exe, ndipo netstat pa 993 sinabweze mzere ngakhale umodzi. Dzina la seva mu akaunti yanga ndi la kampani yakale ya hosting, lalitali lija. Ndazungulira kwa anzanga: pa anthu 9, awiri okha ndi amene ali ndi mail.example.com, ena tonse tili pa dzina la kampaniyo, ndipo mmodzi ali pa POP3 kuyambira kale, makalata ake a zaka zambiri ali pa kompyuta yake yokha, pa seva palibe. Ameneyo ndamukopera kaye fayilo yake ya makalata pa disiki ina ndisanachite china chilichonse. Ndikanangosintha DNS Lachisanu monga ndinkaganizira, sindikudziwa kuti Lolemba ndikanayankha chiyani.

Thunderbird yalowa m'bokosi latsopano popanda chenjezo. Kalata yopita kunja yoyamba inakagwera mu spam, ndawonjezera adiresi yatsopano mu SPF, yachiwiri yafika pabwino. TTL, nthawi imene yankho la DNS limasungidwa, inali pa masekondi 14400, ndaitsitsa kufika pa 300 kuti tsiku losinthalo dziko lisachedwe kumva. imapsync ikuyenda panopa, ili pa bokosi lachinayi, ndipo ndalemba manambala monga munandichenjezera.

Sabata ino ndikusintha aliyense kuti akhale pa mail.example.com DNS ikadali kwakale. Ndaona kuti setifiketi ya seva yakale ili nalo dzinali, ndiye palibe amene aone kusiyana, ndipo tsiku losamuka onse adzatembenukira limodzi. Pa laputopu ndamata kapepala koti ndidzachotse mizere itatu ija mu hosts tsikulo likadzafika, chifukwa ndikaisiya ndidzakhala munthu yekhayo amene kwa iye zonse zikuoneka bwino ngakhale DNS italakwika.

Funso latsala ndi la mafoni. Atatu mwa anzanga amawerengera imelo pa Android basi, ndipo ndikufuna kuyesa foni imodzi pa seva yatsopano tsiku lisanafike. Ndamva kuti hosts ya Android siisinthika popanda root, kutanthauza kumasula maloko onse a foni, ndipo foni ya munthu sindingaichite zimenezo. Ndikuganiza zopanga dzina latsopano ku DNS, monga mail2.example.com, loloza ku 203.0.113.10, n'kuliwonjezera pa setifiketi, n'kuyesera pamenepo. A Mphamba, pali msampha umene sindikuuona?